Nkhata za Namwale

Kalekale, kale lenileni, njira zonse zikadali za mapazi, kunali mayi wina dzina lake Namwale.

Khalani bwino ana inu, musiye kutsinana. Nthano iyi ndi ya kwathu konkuno, ndipo ine ndikamainena ndimatukula mutu.

Namwale anali mkazi wodziwa kusenza. Mtolo wa nkhuni umene anzake ankagawana awiri, iye ankausenza yekha, mwana ali kumsana, nyimbo ili pakamwa. Koma tsiku lina akuwoloka mtsinje anaterereka pa mwala wa ndere, mtolo uja n'kumugwera m'chiuno. Asing'anga anathowa, anatema mphini, anamanga. Moyo unatsala, koma mwendo umodzi unafota. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi ndodo, mwendo akuukoka, ndipo kusenza kunathera pomwepo.

Mwamuna wake anali mkamwini, ndipo akamwini ena mukuwadziwa. Anati akukaona amayi ake kwawo. Mpaka lero akuwaonabe.

Namwale anatsala ndi kamwana kamodzi kakakazi, dzina lake Lekeleni. Analinso ndi mlongo wake, Chimphamba, amene anali mwini mbumba. Chimphamba anali munthu wa pakamwa pokoma ndi miyendo yolemera. Ukamutuma ankavomera msanga, koma kunyamuka kwake kunali kwa mawa.

M'mawa akazi ankapita kumadzi, Namwale n'kutsala. Ankapita ku nkhuni, Namwale n'kutsala. Zinkamuwawa mumtima, zinkamuwawa kwambiri. Tsono ankadzikoka mpaka pa mkuyu wa m'mbali mwa njira, kuti aziona anthu odutsa. Njira imeneyo inkadutsa osenza mchere, osenza miphika ndi osenza makasu.

Tsiku lina panatulukira mayi wina, dengu la mchere lili pamutu. Ankayenda akutsinzina, khosi litakhota.

"Mayi, nkhata yanu ili kuti?" anafunsa Namwale.

"Inapita ndi madzi powoloka."

"Tulani pano."

Mayi uja anatula. Pamutu pake panali patanyuka, dengu litamudya mpaka magazi. Namwale anatola masamba ouma a nthochi, anawafewetsa m'manja, anawapota, anawapinda. Nkhata inatuluka yokhuthala, yofewa, ya dzenje labwino pakati.

Mayi uja anaiyesa pamutu, n'kupumira m'mwamba.

"Ndikupatseni chiyani?"

"Masamba ouma amagulitsa ndani? Yendani bwino."

Mayi uja anasenza, napita. Dzina sanafunsane.

Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. M'mawa mwake Namwale anapindanso nkhata ina. Anapinda ina, anapindanso ina, n'kuzikoleka pa nthambi ya mkuyu. Wodutsa aliyense wolemedwa ankangotambasula dzanja n'kutenga. Wina ankathokoza, wina ankangopita, ndipo Namwale sankawerengera.

Chimphamba ankamuseka.

"Chemwali, anthu awa sakudziwani, inu simuwadziwa. Mukuvutikiranji?"

"Mutu ndimaudziwa, achimwene. Ukalemedwa umawawa chimodzimodzi."

Mvula inabwera, mvula inapita. Mvula inabwera, mvula inapita. Nkhata zinkapita kum'mawa, nkhata zinkapita kumadzulo, ndipo palibe imene inabwerera kudzanena kumene inakafika.

Lekeleni anakula, nakhala namwali. Mnyamata wina wosenza makasu anamuona, namufuna. Kwawo kunali kutali, kuseri kwa mapiri, kutsidya kwa mtsinje wa Nakaphale. Iye sanafune chikamwini, anapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwawo kwa mwamuna. Namwale anati mwana wanga ndi mmodzi yekha, asapite kutali. Koma Chimphamba anali atalandira kale khasu latsopano, ndipo anavomera. Lekeleni anapita akucheuka.

Chaka chinatha, china chinalowa. Chimphamba ankati akamuona mwezi wamawa. Mwezi wamawawo sunkafika.

Tsiku lina mayi wina wosenza miphika anaima pa mkuyu paja.

"Kodi mayi a Lekeleni ndinu?"

"Ndine."

"Ndachokera kutsidya kwa Nakaphale. Mwana wanu anandinong'oneza kuchitsime. Ali ndi pakati, ndipo masiku ake akwana. Koma apongozi ake, a Nangozo, akuti chibwerereni palibe wa kwawo amene anapondapo pakhomo pawo. Akuti munthu wopanda abale ndi kapolo."

"Kapolo? Mwana wanga?"

"Alumbira pamaso pa anthu. Tsiku lotulutsa khanda m'chikuta, wa kuchikazi akapanda kuoneka, mwanayo amutenga alere okha. Lekeleni adzangokhala wotunga madzi pakhomo, ndipo mwana wake sadzamutchula mayi."

Paja mukudziwa, mwana akabadwa amakhala m'nyumba ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa. Chimenecho ndicho chikuta. Tsiku lotuluka, akuchimuna ndi akuchikazi amakhalapo onse, kumumeta tsitsi ndi kumupatsa dzina. Tsiku limenelo munthu amaonekera ngati ali ndi kwawo.

Namwale anadzikoka mpaka kwa mlongo wake.

"Achimwene, mbumba yanu ikuchita manyazi kutsidya. Nyamukani."

"Ndamva, chemwali, ndamva ndithu. Koma anyani andithera chimanga. Ndikangokolola, ndinyamuka."

Chimanga chakecho chinali chisanamasule n'komwe.

Namwale anabwerera kunyumba kwake. Tambala atalira anatenga ndodo yake, anamanga mbatata zootcha pa nsalu, nalowa m'njira. Ndodo patsogolo, mwendo pambuyo. Ndodo patsogolo, mwendo pambuyo. Dzuwa linakwera, linafika paliwombo, iye akadamvabe mitondo ya m'mudzi mwake ikulira. Anayenda tsiku lonse, anagona m'chisimba cha alonda a m'munda, kutacha anayambanso.

Tsiku lachiwiri mphamvu zinamuthera. M'khwapa munali mutatupa, chikhatho chitachita matuza. Anaona mtengo wa mthunzi pa mphambano, nakwawira pomwepo. Anagona chagada, misozi ikulowa m'makutu. Ankadziwa kuti pa kuyenda kotere, adzafika mdzukulu wake ali kale wokwawa.

Atatsegula maso, anaona zinthu zikulendewera pa nthambi. Zinali nkhata.

Namwale anakola imodzi ndi ndodo, naitembenuza. Sinali yake. Inali yopota mothina, dzenje lake laling'ono, youma ngati chikwatu.

"Wapinda izi ndani? Akufuna kuboola anthu mitu?" anatero yekhayekha. Ndipo ngakhale anali wotopa chotero, anaimasula n'kuipindanso bwino.

Pomwepo panafika akazi ochokera ku nkhuni. Patsogolo pawo panali mayi wina wamtali, wa mawu aakulu, dzina lake Tsalani.

"Moni agogo. Pano wolemedwa sadutsa yekha. Katundu wanu ali kuti?"

"Katundu ndine ndemwe, mwana wanga."

"Tsono tisenza inuyo."

Tsalani anatula nkhuni zake, anagwada, nabereka Namwale kumsana ngati khanda. Akatopa, wina ankalandira. Namwale anachita manyazi, koma manyazi sayendetsa munthu, choncho anangogwira mapewa.

"Nkhata zija munaziona kuti?" anafunsa ali kumsanako.

"Amayi anga ankasenza mchere," anatero Tsalani. "Tsiku lina mutu unanyuka, anafuna kutaya dengu m'tchire. Munthu wina wosamudziwa anawapatsa nkhata, ndipo anafika. Mchere umenewo ndi umene unatipezera mapira chaka cha njala. Amayi anati mwini nkhata sangamubwezere, ali kutali, tsono anayamba kukoleka zawo pano. Ife tinaona kuti nkhata yokha sikwanira pokwera chitunda, ndiye tinawonjeza kuperekeza. Timasenza mpaka pa malire, kenako a mudzi winawo amalandira."

Namwale anangoti, "Oo." Anadziwa kuti nkhata ija inali yake, koma sanadziulule.

"Nanga inu mukupita kuti ndi mwendo umenewu?"

Namwale anafotokoza zonse, za chitengwa, za chikuta, za lumbiro la a Nangozo.

"Inenso ndinakhalako ku chitengwa," anatero Tsalani. "Wa kwathu sanabwere. Mwana wanga ali komweko, ndipo amanditchula dzina ngati mnzake."

Atafika pa malire, akazi ena anabwerera ku nkhuni zawo. Tsalani sanabwerere.

"Ndikufuna ndikaone ndi maso anga," anatero.

Pa malirepo panali mtengo wina, pa mtengopo nkhata, pansi pake mtsuko wa madzi ndi chikho. Panakhalanso amuna awiri akusema mipini. Tsalani anakuwa kuti kuno kuli wolemedwa, ndipo amuna aja anasiya mipini n'kubwera ndi mitengo iwiri yomanga bango pakati.

Namwale anaiyang'ana, nakwinya nkhope.

"Chithatha? Ine sindinafe, bambo. Ndikupita ku chikuta, osati ku manda."

Amuna aja anaseka mpaka kugwira nthiti. Anamasula bango, anamanga ukonde wosakira nyama pa mtengo umodzi wautali, nakonza machira. Namwale anagonamo, iwo n'kunyamula pamapewa. Poyenda ankaimba, wina kutsogolera, ena kuvomera.

Walemedwa ndani?
Tula pano.
Wachokera kuti?
Sitifunsa.
Mutu ndi wa yani?
Ndi wathu tonse.

"Kale ife ndi a mudzi wa a Tsalani sitinkamwerana madzi," anatero mmodzi wa amuna aja. "Tinalimbirana dambo, mpaka mikondo inatuluka. Koma katundu wa mlendo sungamulandire kwa munthu osamupatsa moni. Lero moni, mawa moni, mkuja fodya. Pano mkazi wanga ndi wa kumeneko."

"Nanga mtsuko uja anaika ndani?"

"Nkhalamba ina imene inalibe mphamvu zonyamula. Inati nanenso ndiikepo changa."

Mudzi uwu unapereka kwa mudzi uwo. Mudzi uwo unapereka kwa mudzi winawo. Namwale ankapita patsogolo, nkhani yake ikupita naye. Pa malire aliwonse ambiri ankabwerera, koma sipankalephera wina wonena kuti, "Ine ndikaone nawo." Wina anali ndi mwana ku chitengwa. Wina anali ndi mlongo wokwatiwa kutali. Wina ankangokonda nkhani, poti oterowo sasowa pamudzi. Wina anatenga nkhuku, wina lichero la ufa, wina chipanda cha thobwa, poti ku chikuta sapita chimanjamanja.

Anakwera phiri, anatsika phiri. Kuseri kwake anapeza mudzi waukulu wa osula makasu. Kumeneko mwambo unali utanenepa. Panali chisakasa chogona alendo, mtedza wokazinga m'chipanda, ndi machira okhalitsa odikira odwala. Nkhata zinali mulu.

Mkulu wina wa imvi, wosula makasu, anawalandira. Anali munthu wonyadira mudzi wake.

"Kale osenza mchere ankadzera njira ya kumapiri, ife ndiwo tinkadya zopanda mchere," anatero. "Lero onse amadzera pano, chifukwa njira ino siipha khosi. M'chisakasa umu mwabadwira ana, mwachirira odwala. Zonsezi ndi chifukwa cha mayi wamkulu wa kum'mawa."

"Mayi wake uti?" anafunsa Namwale.

"Simunamve? Amene anayamba nkhata. Akuti anali chimkazi chachitali ngati mgwalangwa. Ankasenza mitsuko itatu mosanjikiza, ndipo anali ndi nkhokwe zosatha kuwerenga. Akuti akaseka, mbalame zinkathawa m'mitengo."

"Ine ndinamva kuti anali mkazi wa mfumu," anatero wina.

"Ayi, unali mzimu wa m'mkuyu," anatero winanso.

Apa Namwale analephera kupirira. Munthu ndi munthu, ana inu, chako ndi chako.

"Sanali mzimu," anatero. "Sanali wamtali, ndipo nkhokwe yake inali imodzi, yodontha. Ndine ndemwe."

Anthu anamuyang'ana. Anayang'ana mwendo wofota, anayang'ana nsalu yong'ambika, kenako anaphulika kuseka. Sikunali kuseka kwa chipongwe, kunali kuseka kwa anthu amene akondwera ndi nthabwala ya mlendo.

"Agogo awa ndi oseketsa," anatero mkulu uja akupukuta misozi. "Apatseni mtedza wina."

Namwale anakwiya pang'ono, ndipo mtedzawo anautafuna mwaukali. Koma atayang'ana chisakasa chija, machira aja, ndi mulu wa nkhata zopindidwa ndi manja amene iye sanawaonepo, mkwiyo unasungunuka. Anaganiza kuti kanthu kake kakula mpaka mwini wake sakukwanamo. Ananyada, ananyada kwambiri, ndipo sanatsutsenso.

M'mawa kutacha kunafika mayi wina wochokera kutsidya, wodzasula khasu. Anamufunsa za kwa a Nangozo.

"Mwana anabadwa, wamkazi. Mchombo unagwa dzulo. Akumutulutsa lero, dzuwa likafika pamutu."

Anthu ananyamuka chothamanga. Machira ankasinthana mapewa osaima. Nyimbo inafulumira, mapazi anafulumira, fumbi linakwera. Dzuwa nalo linkakwera, poti dzuwa silidikira munthu.

Anafika pa Nakaphale. Madzi anali a m'mawondo. Onyamula anaima pa mchenga, nakuwa monga mwa mwambo kuti kuno kuli wolemedwa.

Kutsidya kunali zii.

Anakuwanso. Kutsidya kunalibe mtengo wa nkhata, kunalibe mtsuko, kunalibe munthu. Mwambo unali utathera pa mtsinje umenewo.

Amuna aja anatsitsa machira, nayang'anana.

"Malire athu ndi ano," anatero mmodzi. "Sitinawolokepo ndi katundu."

"Anthu a kutsidya ndi aukali," anatero wina. "Akaona chigulu chotere, ati tabwera ndi nkhondo. Atilasa tisanalankhule."

Zinali zoona, ndipo Namwale anadziwa kuti zinali zoona. Sanawanyoze, sanawadandaulire.

"Mwandichitira zazikulu, ana anga," anatero. "Mwambo wanu mwaukwaniritsa. Bwererani bwino, mukapereke moni kwanu."

Anatenga ndodo, nalowa m'madzi. Ndodo inamira mu mchenga, iye n'kugwa. Anadzuka, nagwanso. Kenako anaika ndodo pakamwa, nayamba kukwawa, madzi akumumenya pachifuwa.

Anthu onse anangoima.

Tsalani anamanga nsalu yake m'chiuno.

"Mwambowu sunagwe ndi mvula," anatero. "Wina anaika nkhata, wina anaika mtsuko, wina anaika chisakasa. Ife lero tiikapo kuwoloka. Amuna inu siyani nkhwangwa ndi mipeni pamchenga pano. Akazi titsogole, malichero pamutu. Nkhondo ya malichero anaiona ndani?"

Analowa m'madzi, nanyamula Namwale. Mayi wa nkhuku anatsatira. Mayi wa thobwa anatsatira. Amuna anayang'anana, anachita manyazi, anasiya zitsulo zawo pamchenga n'kubwera ndi machira. Palibe amene anatsala.

Anakwera mtunda akuimba, kuti eni mudzi amve kuti akubwera ndi anthu a mtendere. Ana anathawa, agalu anauwa, amuna ena anatuluka ndi mauta. Koma ataona akazi, malichero ndi nkhuku, anatsitsa mauta aja n'kupatuka.

Nyumba ya a Nangozo sinasowe, poti anthu anali atasonkhana pabwalo pake. Namwale anaona zonse ali m'machira. Anaona mayi wonenepa, a Nangozo eni ake, ataima pakati, lumo lili m'manja. Anaona mkamwini wake atakhala pambali, maso ali pansi ngati wataya singano. Ndipo pakhomo pa nyumba anaona Lekeleni, wowonda, atafungatira khanda molimba.

"Nditsitseni," anatero Namwale. "Pakhomo pa mwana wanga ndifika ndi mwendo wanga."

Anamutsitsa. Nyimbo inaleka. Ndodo patsogolo, mwendo pambuyo, nsalu ikudontha madzi.

A Nangozo anali atamva phokoso, koma anali munthu wosafuna kusiya chimene wayamba. Anakweza mawu kuti mudzi wonse umve.

"Ndafunsa kawiri, ndikufunsa komaliza. Wa kuchikazi alipo?"

"Ndilipo," anatero Namwale.

Lekeleni anatukula mutu.

A Nangozo anamuyang'ana Namwale kuyambira kumutu mpaka ku mwendo wofota uja, ndipo pa mwendopo maso awo anakhalitsa.

"Ndinu yani inu?"

Namwale asanayankhe, Lekeleni anaimirira. Mkazi amene chibwerereni ankalankhula chonong'ona, tsiku limenelo anamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Awa ndi amayi anga. Amayi anga ondibala."

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

A Nangozo anapotoza pakamwa.

"Mbumba yonse ndi imeneyi? Munthu mmodzi, wokwawa? Malume ali kuti? Azakhali ali kuti? Ife tinati abale, sitinati wopemphetsa."

Pamenepo anthu aja analowa pabwalo. Analowa akazi a malichero, analowa amuna a machira, analowa osula makasu ndi osema mipini. Analowa, analowa, mpaka eni mudzi anayamba kusunthira kumipanda. Onse anaima kumbuyo kwa Namwale.

A Nangozo anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Nanga awa ndani? Ndi abale anu?"

Namwale sankadziwa kunama. Ambiri mwa anthu amenewo ngakhale maina awo sankawadziwa. Anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma Tsalani anamugwira paphewa.

"Mayi, funsani misana yathu," anatero Tsalani. "Tawabereka, tawanyamula, thukuta lawo lasakanikirana ndi lathu. Malume mukufunawo ndi awa, sankhani amene wakukomerani. Azakhali ndife. Mwana ali pakhomoyo ndi wathu, ndipo khandalo tabwera kudzalimeta."

"Ndi wathu," anatero amuna a machira.

"Ndi wathu," anatero akazi a malichero.

"Ndipo njira taidziwa," anawonjezera mkulu wosula makasu uja, amene anabwera nawo ngakhale mawondo ankamuvuta. "Tizibwera kudzamuona."

Kenako nkhalamba ina ya m'mudzi momwemo inalankhula ili pa mphasa.

"Nangozo, unafunsa pamaso pa anthu, wayankhidwa pamaso pa anthu. Alendo aimirira. Kodi pakhomo pano palibe mphasa?"

A Nangozo analowa m'nyumba, natulutsa mphasa. Anayala ndi manja awo. Sinakwane. Anatulutsa ina, sinakwane. Anatuma kwa anansi, anabwereka mphasa za mudzi wonse, ndipo ena anakhalabe pa mitondo. Thukuta linawatsika a Nangozo tsiku limenelo, ndipo ine sindiwamvera chisoni.

Atatha kuyala, anabwera pamaso pa Namwale. Anagwada, poti anthu onse ankayang'ana, napereka lumo ndi manja awiri.

"Yambani ndinu, asewere."

Namwale anakhala pansi, natambasula mwendo wake wofota poyera, osaubisa. Lekeleni anabwera chogwada, naika khanda pamiyendo pa amayi ake, kenako anatsamira mutu paphewa pawo n'kulira ngati kamwana. Namwale anamusiya alire. Atatha, anagwira kamutu ka mdzukulu wake ndi dzanja la matuza lija, nameta tsitsi loyamba. Akazi analuluta, ndipo nthungululu zake zinamveka mpaka kumtsinje.

Kuyambira tsiku limenelo, pamudzi paja palibe amene anatchulanso Lekeleni kuti kapolo. Mwana anamulera yekha. Ndipo mwanayo atayamba kulankhula, anamutchula kuti amayi.

Mwamva, ana inu? Anthu amenewo ndiwo makolo athu, ndipo magazi awo ndi amene ali mwa inu. Musamati ndilibe kanthu, ndipatsa chiyani. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chabwino chimene wachitira munthu wodutsa chili ndi miyendo yakeyake. Chimapita kumene iwe sungafike, chimalowa m'nyumba zimene sudzaziona, chimadyetsa ana amene sadzamva dzina lako. Mwina adzakuthokoza, mwina adzakuseka, koma iwe chita ndithu.

Nthano yanga ndaitula, yathera pomwepo. Amene waimva aisenze.